Lole ya Mchere Pakhomo Panga

Amuna anga, a Bonifasi, ndi dalaivala wa lole. Chaka chija titangoyamba za matipate, madalaivala a pakampani yawo anachita sitalaka, ndipo anapatsidwa chinthu chimene ine sindinachimvepo chibadwire: ndalama ya kudikira. Lole ikafika koma mwini katundu n'kuchedwa kutsitsa, dalaivala amalipidwa tsiku lililonse chifukwa chokhala pansi. Lamulo lake ndi limodzi, asachoke pagalimoto.

Mu Novembala anabwera kuchokera ku Beira ndi matumba a mchere a sitolo ya a Fadili, yomwe yayandikana ndi nyumba yathu kuno ku Ndirande. Anapeza sitolo yotseka. A Fadili anali atapita kumaliro ku Mangochi, makiyi ali m'thumba.

Ine ndinati zikomo Mulungu, munthu wabwera. Chimbudzi chathu chinali chitadzadza, ndipo kwa mwezi wathunthu ine ndi ana anayi timapempha kwa aneba, mayi Zelipa. Iwo anali atandiuza kale poyera: "Lamulungu ndikuika loko, achemwali. Changanso si nyanja."

Ndinatenga khasu n'kupita kulole.

"Bambo a Luntha, tsikani. Dzenje likukudikirani."

"Mayi a Luntha, sukuona kuti ndili pantchito?"

Miyendo anali ataitulutsa pawindo, wailesi ili pamimba.

"Ntchito yake iti?"

"Ndikudikira. Anthu anaumenyera ufulu umenewu."

Kuchokera palole kufika pakhomo pathu ndi mapazi makumi awiri, ndinawerenga ndekha. Koma ayi, akuti kapitawo wa kampani, a Venansio, amazungulira pa njinga yamoto kuona ngati madalaivala akudikiradi. Ndiye chakudya ndizipititsa kulole. Madzi osamba kulole. Munthu wakhala milungu itatu kunja, wafika kwawo, ana akumupatsa moni pawindo ngati wogulitsa matikiti.

Lachitatu ndinatopa nazo. Ndinawafunsa bwinobwino.

"Lamulo likuti musachoke pagalimoto. Likutinso galimoto isachoke pamene ili?"

Anaganiza kaye. "Ayi, silinena zimenezo."

"Ndiye ibwezeni kuseri kwa nyumba. Pansi pa mango paja pali mthunzi. Muzikumba dzanja lina lili patayala."

Za kukumba sanazimve, koma mthunzi anaumva. Analiza injini, ine ndikukodola kumbuyo. Bwerani, bwerani, bwerani. Ndinaiwala kuti pamenepo panali dzala lakale lomwe tinakwirira dzinja lapitalo. Tayala lakumbuyo linangoti fwa! Lole n'kupendama ngati chidakwa pa benchi.

Njinga yamoto inafika nthawi yomweyo, ngati kuti yachita kutumidwa.

"Achimwene, galimoto yakampani ikutani kuseri kwa nyumba?" anatero a Venansio.

Ndinayankha ndine.

"Amabisa mchere, bwana. Kumsewu kuja anyamata a pano akhoza kukutsitsirani usiku umodzi, osafunsa makiyi."

A Venansio anayang'ana msewu, anayang'ana anyamata atatu amene anakhala pa kalavati, n'kugwedeza mutu. Analemba pa fomu kuti dalaivala wachita zanzeru koma nthaka yamukana. M'mawa mwake anatumiza aganyu anayi ndi mapiki ndi mafosholo kuti akumbe m'mbali mwa tayala.

Apa ndi pamene ndinaona kuti dziko lasinthadi. Aganyuwo amalipidwa pa tsiku. Amuna anga amalipidwa pa tsiku. Panalibe ndi mmodzi yemwe wofuna kuti lole ituluke msanga. Ndinawaphikira tiyi ndi chinangwa, n'kuwalozera pokumba, chapambali pang'ono, moongoka, makona anayi.

"Amayi, koma apa tayala silikupakhudza," anatero wamkulu wawo, a Obed.

"Muzu wa vuto uli pansi. Kumbani. Tiyi wina?"

Anakumba. A Bonifasi ali pawindo kulangiza ngati injiniya. "Pitirizani, anyamata, galimoto iyi ndimaidziwa ine." Madzulo ndimaika nsungwi m'dzenjemo kuyeza. Lachisanu a Obed sanaonekenso mutu, timangoona dothi likuuluka.

Loweruka a Fadili anabwera. Anatsegula sitolo, matumba n'kutsitsidwa pa ola limodzi. A Venansio anaitanitsa lole ina ndi tcheni, ndipo yathuyo inatuluka tiyi wanga asanawire. Kenako a Venansio anasuzumira m'dzenje muja, nthawi yaitali ndithu.

"Mayi, ichi chikufanana ndi chimbudzi."

"Inunso mwaona choncho? Ndiye tisachitaye."

Anangopempha madzi akumwa n'kukwera njinga yawo.

Mitengo yoyala pamwamba ndi mpanda wa udzu, a Bonifasi anamanga okha tsiku lomwelo, chifukwa kudikira kunali kutatha ndipo ine ndinaima pomwepo ndi mthiko. Lamulungu m'mawa ndinamva mayi Zelipa akukhoma loko wawo mwamphamvu kuti ndimve. Ndinawapatsa moni wabwino.

Woyamba kulowa m'chimbudzi chatsopano anali mwini nyumba, ndi wailesi yake. Patapita theka la ola, ana anayi ali pamzere akuvinavina, ndinakagogoda.

"Bambo a Luntha, tulukani. Umo mulibe amene akulipireni."