Banga la pa Mwala wa Dennis

Dennis Alufandika atamaliza nyumba yake ku Nchalo, anaitanitsa mwala wa gilanaiti kuchokera ku Blantyre woti ayale pamwamba pa makabati a kukhitchini. Unali wotuwa, wa madonthomadontho, wosalala ngati galasi. Amisiri asanachoke n'komwe, iye anali atayamba kale kulengeza malamulo.

"Priska, mandimu ndi bwemba zisayandikire pano, zimadya mankhwala amene apaka pamwambapa. Poto wotentha azikhala pa kathabwa. Popukuta, kansalu kofewa ndi sopo pang'ono. Sitiliwulo ayi."

Mkazi wakeyo anangovomera ndi mutu, n'kutulutsa mbaula panja. Kuyambira tsiku limenelo ankaphikira pansi pa mtengo wa nimu, ndipo mwala unkangokhala wokha m'nyumba, kudikira kuti bwana aweruke ku ofesi ya kampani ya nzimbe adzaupukute.

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera Shadreck, mchimwene wake wa Priska, mlimi wa kwa Mlolo. Anabwera ndi nsomba zowamba za makakana. Dennis anamulondolera kukhitchini asanamupatse ndi madzi omwe.

Shadreck anaima pakhomo, n'kuvula chipewa.

"Pepani alamu, sitinamve uthenga. Watisiya ndani?"

"Mukutanthauzanji?"

"Kwathu mwala wotere timauona kumanda. Kapena mwaguliratu chiliza chanu? Pyadidi, mwachita bwino, ana asadzavutike."

Priska anathawira panja atagwira pakamwa.

M'mawa mwake Dennis anakuwa ngati waponda njoka. Pakona ya mwala, pafupi ndi windo, panali banga lakuda, lozungulira.

"Mafuta awa! Alowa mkati! Alamu, nsomba zanu zija munaziika pati?"

"Zili m'thumba pakhonde. Ine mwala wanu ndimaudutsa chapatali, ndi ulemu."

Dennis anayang'ana mkazi wake. Priska anapita kuchipinda n'kubwerako ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi, ndipo anakaika pabangapo. Tako la botolo linakwanira ndendende.

Shadreck anayang'ana botolo, kenako mutu wa mlamu wake, pamene dazi linali litayamba kulambula njira.

"Kuchipinda kumakhala mdima m'mawa," anatero Priska mofatsa. "Ndiye alamu anuwa amadzolera pano, akudziyang'anira pa windo."

"Alamu, musadandaule," anatero Shadreck. "Mafuta ngabwino amenewa. Tidikire, mwina mwalawu umera tsitsi."

Dennis anafuna kukwiya, koma makutu anali atatentha kale ndi manyazi. Anatenga soda wa therere, n'kumukandira ndi madzi mpaka anakhala ngati phala lolimba. Anamata pabangapo, anaphimba ndi pepala la pulasitiki, n'kumatira m'mbali ndi selotepi. Anati amisiri anamuuza kuti sodayo amayamwa mafuta akamauma.

Masana amenewo therere linalibe soda, ndipo anadya nsomba za Shadreck. Atasamba m'manja, mlendoyo anatenga nthochi ziwiri, analowa kukhitchini monyang'ama, n'kuziika pambali pa bandeji ya pulasitiki ija.

"Ndati ndizonde odwala. Kodi agona bwanji?"

Apa Dennis analephera kudzigwira. Anaseka mpaka kutsamira pa mwala womwewo ndi manja a nsomba, ndipo Priska anamuponyera kansalu.

Anamata soda kachiwiri banga lisanazimiririke. Kunatsala kamthunzi kakang'ono komwe amakaona ndi Dennis yekha, akapendeketsa mutu.

Tsiku limene Shadreck ankabwerera kwawo, anapeza mlongo wake akukanda ufa wa mandasi pamwala paja, akuimba nyimbo ya kwaya. Ufawo sunkamata, ndipo mwalawo unali wozizira bwino m'manja. Dennis anaima pambali ndi kansalu paphewa, kukamwa kukufuna kuyankhula.

"Bambo a Chisangalalo," anatero Priska osatembenuka, "mandasi mukuwafuna kapena ayi?"

"Ndikuwafuna."

"Ndiye kaperekezeni alamu anu ku siteji. Mukamabwera mugule shuga."