Timu Yoperewera Munthu Mmodzi

Maloto a Lachiwiri akundisowetsabe mtendere. Ndinalota ndili pa ulendo kutsidya kwa nyanja yamchere, m'katauni komwe anabadwira katswiri wa mpira uja wovala nambala teni, yemwe malemu mng'ono wanga Yohane ankamukonda koopsa. Nyumba zinali zachilendo, koma pamsewu anayalapo masamba aawisi ngati pamaliro kwathu. Mphepo inkanunkha dothi longokumba kumene.

Mayi ake a katswiriyo ankasesa pabwalo la mpira, ndipo anandilankhula m'Chichewa.

"Takulandirani, bambo. M'bale wanu anafika kale."

Pagolo panaima Yohane, atavala jezi yomwe tinamuika nayo m'manda. Osewera ankathamanga, mpira ukudunda, koma ponseponse panali zii.

"Achimwene," anatero Yohane osandicheukira, "tikuperewera munthu mmodzi. Vulani nsapato."

Ndinawerama n'kuvula yakumanzere. Udzu unkazizira ngati madzi a mumtsuko. Ndikumasula chingwe cha inayo, mkazi wanga anandigwedeza, akuti ndimabuula.

Kaya ndikungomusowa Yohane, kaya akundiitanadi, sindikudziwa. Dzulo anzanga anabwera kudzanditenga kuti tikasewere, akuti akuperewera mmodzi. Ndinawauza kuti mwendo ukundipweteka.