Helka Agula Bokosi Lowambira Nsomba

Nesi Marjut anayang'ana sikelo kawiri, n'kulemba m'kabuku kake. Helka anali atadziwa kale. Mkazi amene wakhala ndi mwamuna zaka makumi anayi safuna sikelo kuti aone kuti lamba wasunthanso bowo lina.

"Makilo awiri enanso apita, mayi Helka," anatero Marjut ali pakhomo, akumanga zingwe za nsapato. "Ndibweranso Lachisanu la sabata ya mawa. Akatsikanso, adokotala anena kale kuti tiwatengere kunyumba ya odwala kutauni. Kukavuta azikawadyetsera pa paipi."

"Pa paipi? Aulis?"

"Inenso sindikufuna. Koma munthu sangakhalire khofi yekha."

Aulis, mwamuna wa Helka, anali pomwepo, pa chikuku chake pafupi ndi zenera, maso ali kunyanja. Chiyambire Januwale, pamene sitiroko inamugwetsa m'shedi ya nkhuni, dzanja lamanja linkangokhala pamwendo ngati la munthu wina, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi, akafuna okha. Anthu anazolowera kukamba za iye iye ali pomwepo. Helka nayenso anali atazolowera, ngakhale munthu akanamuuza zimenezo akanakana mpaka kulumbira.

Si kuti sanayese. Anaphika phala, anaphika supu wa nsawawa, anaphwanya mbatatesi n'kuthiramo batala wambiri. Aulis ankadya masipuni awiri n'kutseka pakamwa. Tsiku lina ananena mawu amodzi okha: "Utsi." Helka anathamangira kusitolo n'kugula nsomba yowamba ya m'pulasitiki. Aulis anainunkhiza, n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Ndipo sanalakwe. M'mudzi monse, nsomba yowamba ikakoma pa ukwati kapena pa maliro, anthu ankangoti, "Iyi ndi ya Aulis." Ankawamba mu uvuni wa njerwa umene anamanga yekha kugombe, koma chisanu cha chaka chino chinaung'amba pakati. Ngakhale ukanakhala wabwinobwino, Helka sakanadziwa poyambira. Ntchito anagawana ali achinyamata: buledi ndi moto wa sauna, kanyumba kosambiramo nthunzi, n'za Helka, nsomba ndi utsi n'za Aulis, ndipo palibe ankalowerera mnzake.

Galimoto ya nesi isanakhote n'komwe pamsewu, Helka anali ataimbira kale mlamu wake Teuvo, mng'ono wa Aulis. Teuvo anayendetsa basi zaka makumi atatu, ndipo chipumireni pantchito ankadziwa chilichonse cha padziko lapansi.

"Alamu, mawa mundiperekeze kusitolo ya zitsulo. Ndikufuna chowambira nsomba."

"Inuyo? Kuwamba?"

"Mwamva bwino. Mufike naini koloko. Mayi a kuseri kuno akhala ndi akulu anu."

M'sitolomo Teuvo anatsogola ngati ndi yake. Anakaima pa chowambira chachitali ngati furiji, chakuda bii, chokhala ndi zitseko ziwiri ndi kawotchi koyezera kutentha.

"Ichi, alamu! Nsomba makumi atatu nthawi imodzi. Mungowamba kamodzi, mudzi wonse wakhuta."

"Nsomba makumi atatu adya ndani? Ine ndikuvutika kuti munthu mmodzi adye imodzi."

Helka anatembenuza kapepala ka mtengo n'kukasiya msanga ngati katentha. Mayuro sikisi handiredi, theka la penshoni yake. Komanso chinthucho kuchitsitsa m'galimoto pankafunika amuna awiri, ndipo m'nyumba mwake munali mwamuna mmodzi, wa pa chikuku.

Wogulitsa, bambo wa dazi wofatsa, anawasonyeza china chonyezimira, chooneka ngati chidutswa cha paipi yaikulu.

"Kwa woyamba kumene, mayi, ichi chamagetsi ndiye chosavuta. Mungolumikiza, n'kukhala pansi kumamwa khofi."

"Kakafa kawaya ka m'katimo?" anafunsa Helka.

"Mumabwera nacho, ife timatumiza kwa ochipanga. Sabata zitatu chabwera."

"Sabata zitatu ndilibe, bambo. Ndili ndi masiku khumi."

"Koma taonani kuwala kwake, alamu," anatero Teuvo akudziyang'anira pachitsulocho.

"Chikomekome cha mkuyu," anayankha Helka. Maso ake anali atagwera kale pa shelefu ya pansi penipeni, pamene panali timabokosi tachitsulo todzala fumbi. Anawerama n'kukoka kamodzi. Linali bokosi basi, lalitali ngati mkono, chivundikiro chake chochita kukoka. M'kati munali thireyi yolandira mafuta ndi waya woyalapo nsomba. Analinyamula ndi dzanja limodzi.

"Ili limagwira bwanji?"

"Pansi mumathira tizibenthu ta mtengo, nsomba pa waya, kutseka, n'kuliika pamoto. Theka la ola zapsa."

"Chimene chimafa ndi chiyani?"

Wogulitsa anakanda dazi. "Palibe chofa, mayi. Ndi bokosi."

Mtengo wake unali mayuro sate-eyiti. Moto Helka ankadziwa kukoleza kuyambira ali mwana, bokosilo likanalowa m'sinki potsuka, ndipo silinkafuna munthu womuthandiza kunyamula. Mtima wake unakhazikika pomwepo.

"Kabokosi ka anthu okagona m'matenti?" anadandaula Teuvo. "Akulu anga akakaona akaseka."

"Akakaseka ndikathokoza Mulungu. Sanaseke chiyambire Januwale."

Polipira, wogulitsa anaika pa kauntala kathumba ka tizibenthu ta mtengo. "Mutengenso aka, mayi."

Helka anamuyang'ana ngati wamutukwana. "Ndigule nkhuni? Ine? Nkhalango yonse ili kuseri kwa nyumba yangayo?"

Anakankha kathumbako. Kwathu kuno munthu atha kugula madzi a m'botolo anthu n'kumukhululukira, koma wogula nkhuni za m'pepala amasekedwa mpaka ku tchalitchi.

M'mawa mwake anapalasa bwato kukavuula mono wa waya umene anatchera dzulo lake pafupi ndi bango. Munali nsomba za mtundu wa ahven zisanu ndi imodzi, zonenepa bwino. Anazitumbula, anazithira mchere, anazitsukuluza n'kuziyala pa waya madzi akuchucha. Kenako anatenga chikuni cha koivu, mtengo wa makungwa oyera umene wakhala akutenthetsera sauna moyo wake wonse, n'kuchibenthula ndi nkhwangwa, makungwa ndi zonse. Nkhuni yabwino ndi yabwino, anaganiza choncho. Anasonkha moto waukulu pakati pa miyala kuseri kwa nyumba, kumene Aulis sakanaona, chifukwa ankafuna kumudzidzimutsa.

Teuvo anafika utsi uli tolotolo, wakuda, woyabwa pakhosi. Atakoka chivundikiro, nsomba zinali bii ngati zatuluka m'chumuni. Teuvo, amene sanakanepo chakudya chaulere, anatsina kachidutswa, n'kutafuna kawiri, n'kulavulira mu udzu.

"Alamu, iyi si nsomba. Uku ndi kunyambita pansi pa bwato."

Helka analawa yekha. Inali yowawa, fungo lake la phula lenileni. Mtima unamupweteka kwambiri, koma anasankha yooneka bwinoko, anaichotsa khungu n'kulowa nayo m'nyumba pa mbale. Mwina m'kati munali bwino.

Aulis anaweramira mbaleyo. Mphuno inanjenjemera. Kenako nkhope yake, imene kwa miyezi isanu inali ngati ya munthu wodikira basi yosabwera, inafiira psuu. Anamenya chikuku ndi chibakera chamanzere.

"Koivu!"

Mawuwo anatuluka athunthu, aukali, moti makapu anachita ngati alira pa shelefu. Helka anatsala pang'ono kugwetsa mbale.

Teuvo anaseka ali pakhomo. "Safunsa anadya phula, alamu."

"Ndikanafunsa ndani? Inuyo, amene mumadziwa kudya kokha?"

Teuvo anangoloza mkulu wake ndi chibwano.

Manyazi anamugwira Helka mpaka m'makutu. Anafunsa wogulitsa, anakangana ndi mlamu wake, anawerenga ngakhale kapepala ka m'bokosi, koma katswiri wa utsi wa mudzi wonse, amene ankagona naye chipinda chimodzi, sanamufunse. Anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene anamufunsa Aulis chinthu china chosakhala "mukumva kuzizira?" Sanalipeze.

Anaika mbale pansi, anakoka mpando n'kukhala moyang'anana naye, mawondo kugundana.

"Aulis, ndaononga nsomba zanu. Ndiuzeni tsono. Ndithiremo chiyani?"

Milomo ya Aulis inagwira ntchito nthawi yaitali. Teuvo anatsegula pakamwa kuti amuthandize, Helka anamudula ndi diso.

"Lep... leppa."

"Leppa? Mitengo ya m'mphepete mwa madzi ija? Ndikadule?"

Aulis anapukusa mutu. Dzanja lamanzere linakwera n'kuloza kushedi. "Thumba."

Helka anagwira pakamwa. Thumbalo ankalidziwa. Linkalendewera pa mtanda wa denga chiyambire chaka chatha, lodzala tizibenthu tofiirira, touma bwino, topanda khungwa ngakhale limodzi. Iye ankaliyesa zinyalala zothira m'chimbudzi cha panja, ndipo sabata yathayi anatsala pang'ono kukalikhuthulira komweko. Zimenezo anasankha kusanena.

Tsiku lotsatira mono unapereka zinayi. Helka akutsuka mpeni, anamva chikuku chikugunda chitseko.

"Panja," anatero Aulis.

Kuyambira pamene chipale chofewa chinasungunuka ankakana kutuluka, mwina poopa kuti anthu odutsa angamuone. Helka sanafunse kawiri. Anamuveka juzi, anamutsitsa pa matabwa amene Teuvo anayala pamasitepe, n'kusamutsira miyala ya moto kutsogolo kwa nyumba, pafupi ndi mapazi ake.

Ndiye inayamba sukulu, ndipo mphunzitsi wake anali wovuta. Helka atafuna kuyala nsomba pa waya, Aulis anagwira imodzi ndi chala n'kunena, "Ayi." Inali yonyowa. Anamulozera chingwe choyanikapo zovala. Nsomba zinalendewera pamphepo ola lathunthu, Helka akuingitsa ntchentche ndi thaulo, mpaka khungu linayamba kumata chala. Atathira tizibenthu manja atatu, "Ayi." Anachotsa dzanja limodzi, "Ayi." Linatsala dzanja limodzi lokha, lomwazidwa pansi pa bokosi. Kenako Aulis anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa timibulu tiwiri ta shuga timene anabisa pa nthawi ya khofi, n'kulozera kuti tiikidwe pamwamba pa tizibenthuto.

"Ndiye chinsinsi chanu chinali chimenechi? Zaka zonsezi ndinkati shuga akutha ndi ana!"

Mbali imodzi ya pakamwa pa Aulis inakwera pang'ono.

Teuvo anatulukira moto utayaka kale, atanyamula buledi ndi malangizo.

"Motowo wachepa, alamu. Sonkhezerani."

"Khala!" anatero Aulis, ndipo mng'ono wake wa zaka sikisite-faivi anakhala pa chitsa ngati mwana.

Utsi wa lero unali wopyapyala, wotuwa, wonunkhira ngati m'nyumba muno zaka zonse zabwino. Helka ankayang'ana wotchi. Theka la ola litakwana anatambasula dzanja kuti atsegule.

"Ayi."

"Kapepala kakuti theka la ola, Aulis."

Aulis sanayang'ane n'komwe. Anali atatsinzina, mutu utapendekera kubokosi, akumvetsera mafuta akulira pa thireyi. Helka anapinda manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anadziuza, ngakhale miyendo inkamuyabwa. Panapita mphindi zina zisanu ndi ziwiri. Kenako chibakera chinagunda chikuku.

Helka anakoka chivundikiro ndi nsalu. Nsomba zinali zofiirira ngati buledi wotuluka kumene mu uvuni, khungu litang'ambika pang'ono pamsana. Anaika imodzi pa thabwa, pamiyendo ya mwamuna wake, n'kutenga kasipuni kamene wakhala akumudyetsera. Aulis anakakankha, kasipuniko n'kugwera mu udzu. Ndi zala zamanzere anasenda khungu, movutikira, nsomba ikuterereka, koma palibe amene anayerekeza kumuthandiza. Anachotsa mnofu woyera wa pamsana, anauuzira, n'kuika m'kamwa.

Anatafuna nthawi yaitali. Helka anamuyang'anitsitsa.

"Mchere," anatero Aulis, nkhope itakwinyika.

"Wachuluka?"

Anagwedeza mutu kuti inde.

"Ndiye mawa muthira nokha, bambo inu. Dzanja limodzi likwanira."

Aulis anapitiriza kudya. Anamaliza mbali imodzi, anatembenuza nsomba yekha, anamaliza inayo, n'kupempha buledi wopaka batala. Yachiwiri anaidya theka. Mafuta ankayenderera pachibwano ndipo Helka sanamupukute. Anangokhala pa sitepe, misozi ikutsika poyera, ali wokondwa moti sanasamale kuti mlamu wake akuona.

Teuvo anadya yake imodzi, anayamikira, anafotokoza kuti iye anadziwiratu kuti kabokosi kameneka n'kabwino. Kenako, akulankhulabe, dzanja lake linayenda mwakachetechete kupita ku nsomba yomaliza imene inatsala pa waya.

Phaa! Dzanja lamanzere la Aulis linamutera pamkono.

"Yanga," anatero. Anapuma, anasonkhanitsa mawu ena, n'kuyang'ana mkazi wake. "Ya... madzulo."

Helka anapukuta maso ndi epuloni, anavundikira nsombayo ndi mbale, n'kutsetserekera kugombe kukatcheranso mono.