Tsamba la Mitsempha Yofiira

Alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu, anali ndi lamulo limodzi pa thebulo lawo: chidindo chikangomaliza ntchito, chitsukidwe pompo. Mbale zinkatha kuswera m'beseni, zovala n'kuvumbwa pa chingwe, koma chidindo ayi. Ankachitsuka ndi mswachi wakale, kamzere ndi kamzere, kenako n'kuchiyanika pa zenera. Ine ndinkati akukokomeza. Labala wa patapata wakutha, mpaka kumusamala ngati khanda?

Chaka chilichonse tchuthi cha kumapeto kwa chaka chikamayandikira, chipinda chodyera chinkasanduka fakitale. Alamu sankagula mphatso m'sitolo. Ankati mphatso yogula imaiwalika pamodzi ndi pepala lake. Ndiye ankasoka zikwama za nsalu yoyera, nsalu zopukutira mbale, ndi kudula makhadi kuchokera ku makatoni, zonsezo n'kuzidinda ndi chidindo chosema okha. Chaka china inali nsomba, china nyenyezi, china mbalame yomwe aneba onse anaitcha bakha ngakhale mwini wake ankaumirira kuti ndi njiwa.

Ndinalowa m'nyumba imeneyo ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, mayi athu atamwalira. Achimwene ndiwo ananditenga, koma amene anandilera ndi alamu. Anandiphunzitsa kuphika, kusoka, ndi kudinda: kupaka utoto ndi siponji pang'onopang'ono, kukanikiza ndi chikhatho chonse, osagwedeza, n'kunyamula kamodzi. Dzina loti Kamphuno anandipatsa ndi iwo, chifukwa sindinamalizepo kudinda popanda utoto pamphuno. Ndikamatuluka, ankandiimitsa pakhomo, n'kunyowetsa chala chachikulu, n'kundipukuta.

"Iwe udzakwatiwa ndi utoto womwewu," ankatero.

Ndinakula, ndinapeza ntchito m'sitolo ya nsapato ndi kachipinda kanga, koma kiyi wa nyumba yawo anakhalabe m'chikwama mwanga. Loweruka lililonse la Disembala ndinkakhala pa thebulo lija.

Chaka chimenechi anasema tsamba. Ali pafupi kumaliza, lumo linaterereka n'kudula kachidutswa cha kunsonga.

"Semani china, alamu," ndinatero.

"Chisiye. Tinene kuti mbozi inadyapo. Tsamba lopanda chilema unaliona kuti?"

Choncho tsamba lililonse linkatuluka ndi kabala kake kunsonga. Utoto unali wobiriwira ndi wabuluu basi. Wofiira unalipo, kabotolo kamodzi kuseri kwa shelefu, koma alamu sankaukhudza. Ankati chofiira pa nsalu yoyera chimakumbutsa ngozi.

Lachitatu lina masana achimwene anabwera ku sitolo kwathu. Anayamba ndi kuyeza nsapato zomwe sankafuna kugula. Ndinadziwa kuti pali nkhani, chifukwa munthu ameneyu akamafuna kanthu amayamba wazungulira kaye mpaka utatopa.

"Mlongo wanga, ndithandize. Ndikufuna chikwama chimodzi, cha masamba chija. Koma chofiira."

"Auzeni alamu, si ndi amene amasoka?"

"Aaa, iwenso. Ndi cha munthu wina wake. Anaona chako chija cha chaka chatha, ndiye anachikonda."

Munthu wina wake ndinkamudziwa. Ndi mayi wogulitsa m'sitolo ya mankhwala pa mphambano, wamtali, wa magalasi. Ndinawaonapo awiriwo m'galimoto ya achimwene mwezi wa Juni, ndipo kuyambira pamenepo ndinangotseka pakamwa. Loweruka lililonse ndinkadya chakudya cha alamu, chinsinsi chili m'mimba.

"Achimwene, mapanga awiri avumbwitsa," ndinatero, mawu ali otsika.

"Wayamba kundilangiza iwe? Ndakupempha chikwama, sindinakupemphe ulaliki." Kenako anafewetsa nkhope. "Tinatsala awiri, iwe ndi ine. Ukandikana iwe ndipita kwa ndani?"

Ndikanakonda kunena kuti anandikakamiza. Sanandikakamize. Ndinachita mantha kuti andikwiyira, basi. Ndinadziuza kuti chibale n'fupa sichiola, ndipo chikwama ndi nsalu chabe. Munthu ukafuna kuchita choipa, miyambi imabwera yokha kudzakuthandiza.

Mawa lake alamu anapita kukaona mayi awo. Ndinapempha kuweruka msanga, ndinatsegula nyumba ndi kiyi wanga uja, ndinatenga chikwama chimodzi pa mulu wa zosadinda. Utoto wofiira unali utalimba pamwamba, ndinachita kuuvundula ndi ndodo ya machesi. Ndinadinda masamba asanu ndi limodzi mbali iyi, asanu ndi limodzi mbali inayo. Anatuluka bwino, ndipo zimenezo zinandinyansa. Ndili mkati moyanika, geti la aneba linalira. Ndinaganiza kuti alamu abwera. Ndinangotsukuluza chidindo pa mpope, osagwira n'komwe mswachi, n'kuchibwezera pa zenera. Chikwama ndinachikulunga m'nyuzipepala chitangouma pamwamba, n'kukawapatsa achimwene. Simbi sinandibwerere m'mutu. Chonsecho ndinkadziwa bwino kuti utoto wa pa nsalu ukapanda kusitidwa sugwira.

Loweruka tinakhala pa thebulo monga mwa masiku onse. Wailesi ikuimba, tiyi akuzizira, alamu akudandaula za msana. Anapaka chidindo utoto wobiriwira, anakanikiza, ananyamula.

Tsamba linatuluka lobiriwira, koma mitsempha yake yonse inali yofiira. Utoto wotsalira m'timizere uja unali utanyowanso.

Alamu analiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinali kalikiliki ndi sizasi, kudula khadi lodulidwa kale.

"Kamphuno, unagwirako chofiira?"

"Ndinkangoyesa papepala, alamu. Ndimafuna kuona mmene chingaonekere."

"Pepalalo lili kuti? Ndione nane."

"Ndinataya. Sizinakongole."

"Oho."

Anawerenga mulu wa zikwama zosadinda ndi maso okha. Ndinkayembekeza kuti atenga mswachi n'kundikalipira za lamulo lija. Ndikanasangalala akanandikalipira. Koma anangopitiriza kudinda. Chikwama chachiwiri, chachitatu, chachinayi, kufiira kukunka kuzilala, mpaka pa chachisanu ndi chiwiri kunatheratu. Pakhomo anandipukuta mphuno monga kale, koma osaseka.

Sabata imeneyo kunagwa mvula masiku atatu. Sindinagone bwino, ndipo kuntchito ndinapatsa kasitomala nsapato ziwiri za phazi limodzi. Kawiri konse ndinatenga foni kuti ndiwaimbire alamu ndiulule. Kawiri konse ndinaibweza m'thumba.

Loweruka lomaliza ndi lokulunga mphatso. Ndinapeza achimwene kulibe, akuti apita kukonzetsa galimoto. Panali makhadi ochepa otsala, ndipo ndinawadinda ine ndi chidindo chakale cha nyenyezi, chifukwa cha tsamba sichinali pa zenera. Alamu ankasita zikwama chimodzichimodzi, kuyala kansalu pamwamba, kukanikiza simbi, kuwerenga chamumtima. M'chipinda munkanunkha nsalu yotentha.

"Lachiwiri ndinapita kukagula mapilitsi anga a magazi," anatero, osatukula mutu.

Ndinasiya kudinda.

"Mayi uja wa magalasi anali atavumbwa. Chovala chake choyera chapantchito chija chinali chofiira m'khwapa monse. Ndinachita kudzidzimuka, ndimati wavulala. Iye nkuti ayi, ndi chikwama ichi, chikusuluka. Anachitsitsa pa msomali n'kundionetsa." Anatembenuza chikwama chomwe ankasita. "Masamba asanu ndi limodzi mbali iliyonse. Onse odyedwa ndi mbozi kunsonga."

"Alamu..."

"Sunasite. Zaka zonsezi ndakhala ndikukuuza kuti ukadinda, sita."

"Ndiye munatani?" Funso lopusa, koma ndi lomwe linatuluka.

"Ndikanatani? Ndinamuuza kuti chikauma ayale kansalu pamwamba, asite mkati ndi kunja, mwina chotsalacho chigwira. Anathokoza kwambiri. Sakundidziwa, mwana wa eni ake. Msoko wa chikwamacho ndi wanga, ndikanachisiya chionongeke?"

Anaimika simbi.

"Za achimwene ako ndinazidziwa kalekale, iwe usanadziwe n'komwe. Mwamuna akayamba kusamba kawiri patsiku, mkazi safuna womutsina khutu. Ndinalira, ndinatopa, ndinasiya. Zoti iwe ukudziwa ndinkaziona pankhope pako, ndipo sindinakuimbe mlandu. Ndinkati mwana wagwira njakata, uku mchimwene wake, uku ine. Kukhala chete ndinakukhululukira." Anapumira. "Koma kutsegula chitseko changa, kukhala pa thebulo langa, kutenga chidindo chomwe ndinadzicheka chala pochisema. Ndinkati m'nyumba muno ndili ndi munthu mmodzi."

Ndinalira. Ndinapepesa, ndinanena za mantha, za achimwene, za zonse zomwe munthu amanena madzi atatayika kale. Anandimvetsera mpaka kumapeto, chifukwa alamu sadula munthu mawu. Sanakweze mawu, sanatukwane. Anangotenganso simbi n'kumaliza zikwama zitatu zotsala, ine ndikumanga zingwe ndi maso osaona bwino.

Titamaliza, anandandalika mphatso pa thebulo: ya aneba, ya mayi awo, ya mnzawo wa kuchipatala, ya mlonda wa pa msewu wathu. Yanga anandipatsa m'manja. Chinali chikwama chosokedwa bwino kuposa zonse, cha thumba lamkati ndi zipi, koma choyera mbuu, chopanda tsamba ngakhale limodzi. M'kati munali kanthu kolemera pang'ono. Ndinasuzumira: chidindo cha tsamba chija, chotsukidwa bwinobwino, m'timizere monse mulibe kadontho.

"Chitenge. Ine sindingachigwirenso. Udindapo wekha mtundu womwe ukufuna."

"Loweruka likubwerali ndibwere?"

"Ntchito yatha chaka chino." Anayamba kupinda nyuzipepala zomwe tinayala pa thebulo. "Kiyi uja usiye pamenepo. Wanga akuvuta kutsegula."

Ndinamuchotsa pa kachingwe komwe anakhalapo zaka khumi ndi zinayi. Anakana kutuluka, ndinachita kuthyola chikhadabo. Ndinamuika pa thebulo, pafupi ndi simbi.

Anandiperekeza mpaka pakhomo, chifukwa ulemu sanausiye. Ndinaima pamenepo pang'ono, ndikukonza chikwama paphewa, ndikuyang'ana kumwamba ngati ndikuona za mvula. Anandiyang'ana kumaso, n'kunena kuti, "Uyende bwino." Chitseko chinatsekeka mosachita phokoso.

Pa siteji panali anthu ambiri, aliyense ndi katundu wake wa tchuthi. Ndinapeza malo kumbuyo kwa basi, chikwama choyera chili pamiyendo. Titayenda kamtunda, mayi wina wachikulire yemwe anakhala pambali panga anandigwira mkono mwaulemu.

"Pepani mwana wanga," anatero. "Muli ndi utoto pamphuno."