Ngalande ya ku Sirafu

Chitsime cha Ghanbari chitayamba kutulutsa madzi amchere, mitengo yake isanu ndi iwiri ya tende, kanjedza wobereka zipatso zotsekemera, inayamba kufota. Anaibzala ndi malemu bambo ake, ndipo Ghanbari ankaikonda kuposa abale ake ena.

Kwathu ku Sirafu timadzitama ndi mbiri. Aliyense adzakuuzani kuti kale zombo zinkanyamuka padoko pano kupita ku China, komanso kuti amalonda ankagona m'nyumba zosanja za matabwa ochokera kutsidya kwa nyanja. Ghanbari nkhani zimenezi zinkamunyansa.

"Olemera a mtundu wanji osiyira adzukulu mapale okhaokha?" ankatero akutaya zidutswa za mbale zakale zomwe ankazifukula polima. "Mbiri sithirira mtengo."

Tsiku lina akuyesa kukumba chitsime china kumtunda kwa munda wake, khasu linagunda mwala wosema. Atapalasa dothi anapeza ngalande yopapatiza, yomatidwa bwino ndi laimu, yolunjika kuphiri. Anayamba kuifukula.

Heydari, msodzi woyandikana naye nyumba, sanachedwe kumutola.

"Achimwene, golide wa amalonda uja mwamupeza? Mutigawireko, nafenso ndife adzukulu!"

Mkazi wa Ghanbari, Kheyri, ndiye sankaseka n'komwe. "Bambo a Zari, anzanu akugwira ntchito kukampani ya gasi, inu kutangwanika n'kupalasa phiri ngati nkhuku. Manyazi mulibe?"

"Mitengo ikafa, manyaziwo tidzadya?"

Anakumba miyezi iwiri, manja ali matuza okhaokha, ndipo mtengo umodzi unauma iye akuona. Kumtunda ngalandeyo inathera pa mabeseni osemedwa m'thanthwe. Kumunsi inalowa m'thanki yamiyala yokwiririka pansi pa munda wake womwewo, pamene anakhala akupondapo zaka makumi asanu osadziwa kanthu.

Mvula kuno imagwa kawiri kapena katatu pachaka, ndipo imathamangira kunyanja osapatsa munthu moni. Chaka chimenecho inagwa masana. Ghanbari anathamangira kuphiri wopanda nsapato, n'kuona madzi akudzaza mabeseni, kenaka n'kutsika m'ngalande mwaulemu. Pokhota pena mmisiri wakale amene anamanga ngalandeyo anasiya kadzenje koti mchenga uzitsalira, kuti m'thanki muzilowa madzi oyera okha. Munthuyo anaganizira ngakhale zimenezo! Ghanbari anakhala pansi m'matope n'kulira, chifukwa anthu amene ankawanyoza aja ndi amene anamupulumutsa.

Mitengo isanu ndi umodzi yotsalayo inatsitsimuka n'kubereka. Atakolola, Lachinayi lina madzulo, nthawi imene timagawa chakudya kuti olandira apempherere akufa athu, anaima pakhomo pa mzikiti ndi thireyi yodzaza tende.

Heydari anatola imodzi. "Tipempherere ndani? Bambo anu?"

"Bambo ndinawagawira sabata yatha. Izi n'za amene anakumba ngalande ija."

"Dzina lake?"

"Sindilidziwa. Kaya anali Msilamu, kaya wa chipembedzo chakale, kaya kapolo wobwera pa zombo. Papita zaka mwina chikwi, koma wandithiririra mitengo."

Heydari anakanda mutu. "Achimwene, pemphero lopanda dzina likamupeza bwanji munthu?"

"Madzi ake anandipeza ine asakundidziwa dzina," anatero Ghanbari. "Inu pempherani basi."

Heydari anabweza tendeyo m'thireyi kaye, n'kutambasula manja onse awiri kuti apemphere.