Timadontho Pakhosi la Mwana Wasukulu

Ntchito ya mnyamatayo inali yofufuta zipsera. Abwana ankajambula anthu kutsogolo kwa nsalu yoyera, iye n'kukhala pakona ndi kompyuta, kumasalaza ziphuphu ndi makwinya. Abwanawo ankamutcha "a Digiri", popeza koleji anaisiyira panjira chaka chimene mlongo wake anamwalira.

Tsikulo kunabwera mayi wina ndi kamtsikana kofuna chithunzi cha kusukulu. Kanakhala pampando mofooka, dzanja lili pamimba.

"Wongoka, iwe! Ukufuna aphunzitsi aziti ndinabereka nkhalamba?" anatero mayi ake.

Chithunzi chitafika pakompyuta, mnyamatayo anachikulitsa monga mwa masiku onse. Pakhosi, m'mphepete mwa kolala, panali timadontho tofiirira ngati tobaya ndi singano. Pakhungu lakuda timeneti sitioneka msanga, koma iye anali atatiwonapo pafupi. Mlongo wake anatuluka tomweti tsiku limene thupi linasiya kutentha, pakhomo onse n'kumati wachira. M'mawa mwake magazi anayamba kuchucha m'nkhama. Kuchipatala anati ndi dengi, matenda a udzudzu woluma masana, n'kuwonjezera kuti mwachedwa naye.

Mnyamatayo anadzuka n'kupita pomwe panali mayiyo.

"Mayi, pepani, mwanayu anatenthako thupi?"

"Zinatha dzulo zimenezo. Malungo sanamupeze nawo. Bwanji?"

Mnyamatayo anagwada n'kugwira mkono wa mwanayo. Unali wozizira, wonyowa. Timadontho tinali ponseponse mpaka m'chigongono. Anadina ndi chala, n'kuchotsa. Sitinazimirire.

"M'mimba mukupweteka, mwanawe?"

Mwanayo anayang'ana mayi ake kaye, kenako anagwedeza mutu kuvomera.

"Mupite naye kuchipatala lero lomwe, mayi. Chonde. Thupi likazizira ndiye poopsa penipeni."

"Tizilonda ta thukuta timeneti? Nyumba yathu ndi ng'anjo, aliyense akukanda."

"Mwamva, mayi? A Digiri akwezedwa, tsopano ndi a Dokotala," anaseka abwana. "Iwe, fufuta timadonthoto, anthu azipita."

"Sindifufuta."

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene ankafunira. Anayesa kufotokoza za mlongo wake, koma zinatuluka mosokonekera: bedi la kuchipatala, nsalu yothimbirira magazi, bokosi. Pa mawu akuti bokosi mayiyo nkhope inasintha. Anatsomphola mkono wa mwana wake.

"Ukumulosera maliro mwana wanga? Wakutuma ndani? Maliro akwanu akathere kwanu konko!"

"Mayi, sindikutero ayi..."

"Ojambula ndi ambiri m'tauni muno. Tiye, iwe!"

Mwanayo podzuka anadzandira, n'kugwira chitseko. Mayi ake anamukoka.

"Wandithamangitsira kasitomala, chitsiru iwe!" anakalipa abwana. "Ukatuluka pakhomopo usabwerenso!"

Mnyamatayo anatuluka. Mumsewu munali piringupiringu, ogulitsa malaya atayala katundu mpaka m'mphepete mwa phula. Anawaona patali akukwera basi, mayiyo akukankha mwana ndi bondo kuti alowe msanga.

"Akayamba kusanza musadikire!" anakuwa. "Mayi! Musadikire kuti kuche!"

Hutala ya lole inameza mawuwo. Anathamanga, n'kupunthwa pamulu wa nsapato, wogulitsa n'kumutukwanira makolo ake. Pomafika pa siteji n'kuti mabasi atatu atanyamuka, onse oyera, onse odzaza, iliyonse njira yakeyake. Dzina la mwanayo sankalidziwa, ngakhale la sukulu yake.

Kondakitala wina anamugwira paphewa. "Mukupita kuti, achimwene?"

Iye anayang'ana njira zitatuzo imodziimodzi, mabasi aja atazimiririka kale.