Nyerere za m'dzanja la Yoram

Yoram ankakweza mabelo a thonje m'ngolo za sitima pa siteshoni ya Balaka. Chaka chotsatira njala yaikulu ija, lamba wachitsulo womangira belo anaduka n'kumutema pamfundo ya dzanja lamanja, pafupi ndi chikhatho. Anakamusoka ku Zomba. Bala linapola, koma chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho zinachita dzanzi, n'kuyamba kupindika ngati zala za nkhuku.

Adokotala anamutumiza ku chipatala cha mishoni cha kufupi ndi kwawo, kwa a Blasius, dilesa amene anaphunzira ntchito kunkhondo posamalira asilikali ovulala.

A Blasius anatenga pensulo n'kumagogoda pang'onopang'ono, kuyambira kunsonga ya chala kubwera cha kuchipsera. Yoram sankamva kanthu. Pensulo itafika pachipsera anadzidzimuka.

"Nyerere! Zathamangira kuchala!"

"Ndimafuna zomwezo," anatero a Blasius. "Mtsempha womvera unaduka, adokotala anaulumikiza. Tsono ukuyanga ngati dzungu kulowera kuzala. Pamene mwamva nyererepo ndi pomwe wafika."

"Nanga mtsemphawo njira ukuidziwa bwanji, m'kati mwa mnofu?"

"Zimenezo ngakhale ine sindidziwa, a Yoram. Yathu ntchito ndi yoti ukamafika upeze zala zisanaume."

Anamuuza kuti m'mawa aziviika dzanjalo m'madzi ofunda, azilipaka mafuta a nsatsi, aziwongola zalazo ndi dzanja linalo mpaka pamene ululu wayambira, kenaka azifinya dongo. Anamusemera kathabwa komangirirako zala pogona. "Moto muziusamala. Zala zimenezi zitha kupsa inu muli kuseka."

Kumudzi Yoram sankaiwala madzi kapena dongo, koma chinamugwira mtima ndi nyerere zija. Akangokhala pansi ankatola kamtengo n'kumadzigogoda, kufuna kuona ngati zasuntha.

"Bambo a Rose, mudzaubweza mtsemphawo ndi kugogodagogoda kwanuko," anatero mkazi wake, Dailesi.

"Iyayi, ndikungoufunsa pamene wagona."

Pamene mvula inkayamba nyerere zinali zitalowa m'chikhatho. Pofika nthawi yokolola zinali patsinde pa chala. Apo a Blasius anapatsa Dailesi ntchito: mwamuna wake azitsinzina, iye azimukhudza zalazo ndi zinthu zosiyanasiyana, anene kuti ndi chiyani. Poyamba Yoram ankalephera moseketsa. Nthenga ankati chisononkho, njere ya thonje ankati mwala. Pang'onopang'ono anayamba kulondola.

Tsiku lina masana Dailesi anamukanda ndi udzu kunsonga ya chala chaching'ono.

"Udzu," anatero Yoram. "Pa chala chinzakecho."

"Udzu inde, koma chala mwaphonya."

Yoram anatsegula maso. Udzu unali pa chala chaching'ono, koma iye ankaumva pa chinacho. Anabwereza, zinali zomwezo. M'mawa mwake analawirira kumishoni dongo likadali m'zikhadabo.

A Blasius anayesa ndi pensulo, anayesa ndi thonje, kenaka anayang'anitsitsa dzanjalo.

"Ndinamvapo za zimenezi, koma kuona ndi maso ndi lero. Zikuoneka kuti nthambi ina ya mtsempha inalowa njira ya inzake."

"Ndiye yasochera?"

"Yafika, koma pakhomo pa eni. Muziyang'ana chala pamene akukukhudzani, mutu uphunzire mwatsopano."

Yoram anachita zomwezo nyengo yonse yotentha, ndipo malo ambiri anabwerera m'chimake. Chala chaching'ono chinatsala chopindika pang'ono, ndipo mphamvu zonyamula belo sizinabwerere, choncho kusiteshoni anamuika pa ntchito yosoka masaka. Kamalo kamodzi kunsonga ya chalacho kanakana kuphunzira. Singano ikamubaya pamenepo, ankayamwa chala cholakwika, anzake n'kumafa ndi kuseka.